Kusankha injini ya kart ndi kukonza hedi yake mosaphwanya malamulo a mpikisano

Munthu amene wayamba kukopeka ndi mipikisano ya timagalimoto tating'ono ta munthu mmodzi totchedwa kart kawirikawiri amafunsa kuti injini yamphamvu koposa ndi iti, koma musanatulutse ndalama iliyonse pitani kaye ku bwalo limene mukufuna kukapikisanako, mukaone mtundu wa injini umene uli ndi anthu ambiri, ndipo mukapemphe buku la malamulo a gulu limenelo. Chifukwa chake n'chakuti m'masewerawa anthu amapikisana m'magulu, gulu lililonse ndi injini yake, ndipo injini yabwino imene ilibe opikisana nawo pafupi imangokhala m'galaja. Kart yoyamba, imene Art Ingels anapanga ku California mu 1956, inkayenda ndi kainjini ka makina otchetchera kapinga, koma lero pafupifupi mbali iliyonse ya injini ili ndi muyeso wake wolembedwa, ndipo oyendera amayezadi mpikisano ukatha.

Mainjini ake ali m'mitundu iwiri. Woyamba ndi wa two-stroke, umene umagwiritsa ntchito petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo otchuka ndi Rotax Max ya ku Austria, imene inayamba kugulitsidwa mu 1997, ndi IAME X30 ya ku Italy. Onse awiri ndi a 125cc, amaziziritsidwa ndi madzi, ndipo a gulu la akuluakulu amatulutsa mahosipawa pafupifupi 30. Pamwamba pa amenewa pali magulu a CIK-FIA, bungwe loyendetsa masewerawa pa dziko lonse, monga OK ndi KZ, ndipo KZ ili ndi magiya 6. Sindingalangize woyamba kumene kuti agule KZ, chifukwa dzanja limatanganidwa ndi magiya pamene maso sanaphunzire n'komwe kuwerenga makona, komanso pisitoni yake imafuna kusinthidwa pafupipafupi. Mtundu wachiwiri ndi wa four-stroke, monga Briggs & Stratton LO206 ya 204cc imene siipitirira kuzungulira ka 6,100 pa mphindi, ndiponso Honda GX200 ya 196cc pamodzi ndi mainjini otengera kapangidwe kake. Mainjini a mtundu wa GX amenewa ndi omwe aja timawaona pa mapampu othirira mbewu ndi majenereta, choncho makaniko ambiri kwathu kuno amawadziwa kale mkati mwake, ndipo zipangizo zake sizisowa.

Kusankha kwanuko ndi kumene kumalamula ngati mudzaloledwe kukhudza hedi, chivundikiro cha pamwamba pa silinda. Injini ya Rotax imamangidwa ndi kawaya kokhala ndi nambala, ndipo ololedwa kuitsegula ndi amakaniko ovomerezeka okha. Pa LO206 kupala kapena kukumba hedi n'koletsedwa. Ufulu weniweni wosintha hedi uli m'magulu ena a mainjini a GX200 amene malamulo awo amalola kusintha, choncho ndikhalitsa pamenepo, ngakhale kuti kuyeza kumafunika pa injini iliyonse.

Pa two-stroke, muyeso wofunika kwambiri ndi kampata kotsala pakati pa m'mphepete mwa pisitoni ndi hedi pamene pisitoni yafika pamwamba penipeni, kamene amakaniko amati squish. Kampatako kakachepa, kamakankhira mpweya ndi petulo pakati pomwe pali pulagi ndipo moto umayaka msanga, koma kakachepa mopitirira, pisitoni imagunda hedi injini ikatentha. Poyeza, chotsani pulagi, pindani waya wofewa wa solda ngati ndodo yokowera, muulowetse pabowo la pulagi mpaka nsonga yake ikhudze khoma la silinda molunjika ndi pini ya pisitoni, kenako zunguzani injini ndi dzanja kuti pisitoni iuphwanye kamodzi kokha. Yezani pamene paphwanyikapo, bwerezani mbali inayo, ndipo mutenge pakatikati pa miyeso iwiriyo. Malamulo a Rotax salola kuchepera mamilimita 1.00 pa Senior Max ndi 1.20 pa Junior Max, ndipo kampatako amakakonza posintha makulidwe a gasiketi ya pansi pa silinda, osati popala chitsulo.

Pa GX200 nkhani yaikulu ndi kompureshoni, kapanikizidwe ka mpweya ndi petulo m'silinda. Injiniyi imachoka ku fakitale ndi kompureshoni ya 8.5 kwa 1, kutanthauza kuti pisitoni ikafika pamwamba pamatsala malo okwana pafupifupi 26cc, ndipo pafupifupi 22cc mwa malo amenewa ali m'chibowo cha hedi. Kuwerengera kwake n'kosavuta: phatikizani 196 ndi malo otsalawo, kenako gawani ndi malo otsala omwewo. Mukaika hedi ya chibowo cha 18cc, imene imapezeka pa GX160, malo otsala amatsikira pa 22cc ndipo kompureshoni imakwera kufika pafupifupi 9.9 kwa 1 popanda kupala kalikonse. Gasiketi nayo imathandiza, popeza pa silinda ya mamilimita 68 m'mimba mwake malo otsala amachepa ndi pafupifupi 0.36cc pa mamilimita 0.1 alionse amene mwachepetsa pa makulidwe a gasiketi. Ine ndimaona kuti njira ziwirizi n'zoyenera kuyamba nazo, chifukwa zikapanda kukukomerani mukhoza kubwezeretsa zakale, pamene chitsulo chimene chapalidwa sichibwereranso.

Musakhulupirire nambala yolembedwa pa bokosi musanayeze nokha. Ikani hedi chagada mavavu ndi pulagi zili m'malo mwake, pakani girizi pang'ono m'mphepete, vundikirani ndi kagalasi kapena pulasitiki yolimba yoonekera yokhala ndi kabowo, ndipo thirani oyilo wopepuka ndi sirinji ya manambala mpaka mpweya wonse utatuluka. Zimene mwathirazo ndiwo kukula kwa chibowocho. Ngati mwaganiza zopalitsa hedi, pitani nayo kwa a makina opalira amene angachotse pang'onopang'ono mofanana ponseponse, ndipo mukabwera nayo ikani kadongo kofewa pamwamba pa pisitoni, mangani hedi, zunguzani injini ndi dzanja kawiri, kuti muone ngati mavavu sakuyandikira pisitoni mopitirira. Kumbukiraninso kuti hedi ikatsika, mpata wa mavavu umasintha ndipo uyenera kuchunidwanso.

Kukumba njira za mpweya ndi kumene anthu ambiri amaonongera hedi. Njira yaikulu kwambiri imachedwetsa mpweya, ndipo kart imafooka potuluka m'makona, pamene mpikisano umapambanidwira. Chofunika ndi kuchotsa timizere ndi tizibuthu totsala pamene hedi inkaumbidwa, kusalaza kakhonde kamene kali pansi pa mpando wa vavu, ndi kufewetsa ngodya yakuthwa imene mpweya umakhotera polowa. Njira yotulutsira utsi mukhoza kuisalaza mpaka kuwala kuti mwaye usamatirire, koma yolowera isiyeni yokhakhala pang'ono kuti petulo asamadonthe m'makoma. Mukatha, pekesani mavavu pa mipando yake ndi phala lopekesera, ndipo muyese pothira palafini m'njiramo mavavu ali otseka. Ngati palafini akudontha, ntchito yonse ya kompureshoni ija yapita pachabe. Pomanga, mabawuti anayi a hedi amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, mpaka 24 Nm.

Pali chenjezo limene sindikufuna kuti mulidumphe. GX200 inapangidwa kuti izizungulira ka 3,600 pa mphindi, ndipo aliyense wochotsa gavana, kachipangizo koletsa injini kuzungulira mopitirira, ayenera kusintha fulayiwilo ya ku fakitale n'kuika yopangidwira mipikisano, chifukwa yachitsulo choumba ija ikhoza kusweka n'kuuluka zidutswazidutswa pafupi ndi nthiti za woyendetsa. Kondirodi ndi masipuling'i a mavavu nazonso zimafuna zolimba.

Kompureshoni ikakwera, injini imatentha kwambiri ndipo imafuna petulo wochulukirapo, choncho yambani ndi jeti yokulirapo ya kabureta (kabowo kodutsira petulo) n'kumatsika pang'onopang'ono. Thamangani maulendo angapo, chotsani pulagi, ndipo muyang'ane. Ikakhala yotuwa kwambiri kapena ili ndi timadontho tonyezimira ta chitsulo, ndiye kuti petulo akuphulika nthawi isanakwane ndipo akudya pisitoni. Bwezerani jeti yaikulu kapena gasiketi yokhuthala musanapitirize. Kukwera kwa malo kuchokera pa nyanja kumasinthanso zinthu: kart yochunidwa pa bwalo la Zwartkops pafupi ndi Pretoria, kumene mpweya ndi wopepuka, ikapita ku Killarney ku Cape Town m'mphepete mwa nyanja imafuna jeti yokulirapo. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mulembe m'kabuku tsiku, kutentha kwa kunja, nambala ya jeti, makulidwe a gasiketi ndi nthawi imene mwazungulira bwalo, kuti ulendo wotsatira mudzayambire pamene munalekezera.