Kakonzedwe ka catalyst ya nickel pa alumina ndi kuyeza ngati yapangika bwino

Mpweya wa carbon dioxide ukakumana ndi hydrogen pamwamba pa nickel pa kutentha kwa madigiri Celsius 300 mpaka 400, pamatuluka methane ndi madzi. Apa nickel ndiye catalyst, kutanthauza chinthu chimene chimafulumizitsa kusinthaku koma icho osatha. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Paul Sabatier wa ku France, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1912. Popeza ntchito yonse imachitikira pamwamba pa chitsulo, timamwaza nickel pa ufa wa gamma-alumina (mtundu wa aluminium oxide), umene uli ndi timabowo tochuluka kwambiri.

Yambani ndi kuyeza madzi amene timabowoto tingamwe, pakuti ambiri amalakwira pomwepa. Umitsani alumina mu uvuni, kenako donthezani madzi pa galamu imodzi mukutakasa, mpaka ufa utayamba kunyezimira ndi kumamatirana. Nthawi zambiri imamwa pafupifupi theka la mililita. Kuti mupeze magalamu 10 a catalyst yokhala ndi 10 peresenti ya nickel, mufunika magalamu 9 a alumina ndi magalamu 4.95 a nickel nitrate hexahydrate. Sungunulani mchere wobiriwirawu kuti madzi ake onse afanane ndi amene alumina ingamwe, osapitirira. Ngati mchere ukukana kusungunuka m'madzi ochepa chotero, ugaweni pawiri, ndipo muumitse ufa musanathire gawo lachiwiri. Valani magolovesi ndi chotchinga pamphuno, chifukwa fumbi la nickel limayambitsa khansa.

Umitsani usiku wonse pa madigiri 110, kenako otchani m'ng'anjo pa madigiri 450 kwa maola 4, mukukweza moto pang'onopang'ono, kuti mcherewo usanduke nickel oxide. Utsi wofiirira umene umatuluka ndi wapoizoni, choncho ng'anjoyo ikhale pamalo okoka utsi. Ine ndimaona kuti moto ndi umene umagamula zonse: ukafika cha m'madigiri 800, nickel imalowerera mu alumina n'kupanga nickel aluminate, imene imavuta kuibweza kuti ikhalenso chitsulo.

Poyeza, njira ya BET, imene Brunauer, Emmett ndi Teller anafalitsa mu 1938, imagwiritsa ntchito nitrogen pa madigiri 196 pansi pa ziro kuonetsa kukula kwa malo a pamwamba. Malowa akachepa kwambiri poyerekeza ndi alumina yosathiridwa kanthu, ndiye kuti timabowo tatsekeka. XRD, njira younikira ufa ndi kuwala kwa X-ray, imasonyeza kukula kwa tinthu ta nickel oxide, ndipo mizere yake ikakhala yopyapyala ndi yaitali, tinthuto taunjikana n'kukula. TPR, njira yotenthetsa catalyst pang'onopang'ono mu hydrogen, ndiyo ikuuzani kutentha kumene hydrogen imachotsera oxygen pa nickel, ndipo kutentha kumeneko ndiko muyenera kugwiritsa ntchito podzutsa catalyst (kusandutsa nickel oxide kuti ikhale chitsulo), m'malo mongotengera nambala ya ena.

Dzutsani catalyst mkati mwa chubu momwe igwirire ntchito. Nickel yongodzutsidwa kumene imatha kuyaka yokha ikakumana ndi mpweya wakunja, choncho ngati muyenera kuitulutsa, iziziritseni kaye, kenako idutsitseni nitrogen wosakaniza ndi 1 peresenti ya oxygen.