Windsurfing kapena wing foiling: momwe mungasankhire poona mphepo ndi malo omwe mungavulale

Ndinakulira kunyanja ku Nkhotakota, ndiye nditapeza ganyu ku Langebaan, makilomita pafupifupi 120 kumpoto kwa Cape Town, yotsuka ndi kunyamula zida pa kampani ina yobwereketsa mabolodi, ndinkadziona ngati madzi ndimawadziwa. Abale ochokera kumudzi omwe ali kuno amandifunsa kuti mwa masewera awiriwa ayambe ati ndipo oopsa ndi ati. Onse ndawasewera ndipo onse anandisiyira chizindikiro.

Kwa amene sanawaonepo: windsurfing ndi bolodi lokhala ndi mlongoti ndi thanga, zolumikizidwa pabolodipo. Ndi masewera akale, ku Olympics analowa mu 1984. Wing foiling yatchuka cha m'ma 2019 muno. Mumagwira m'manja phiko lopopa mpweya lomwe silinamangidwe pabolodi, ndipo pansi pa bolodi pamakhala foil, chitsulo chonga kandege chomwe chimakunyamulani n'kumayenda m'mwamba pang'ono osakhudza madzi.

1. Werengani mphepo musanatsitse katundu

Tsegulani Windy kapena Windguru, mapulogalamu oonetsa mphepo, pafoni. Mphepo amaiyeza mu ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola. Musangoona nambala imodzi, onaninso ya kuwomba kwadzidzidzi. Zikasiyana kwambiri, monga 12 ndi 25, tsiku limenelo khalani kumtunda muzidya tchipisi.

Woyamba kumene windsurfing amafuna kamphepo kayaziyazi, ma knot 5 mpaka 12, bolodi lalikulu la malita 180 kapena kuposa, ndi thanga laling'ono la masikweya mita 4 kapena 5. Wing ndi zosiyana, ndipo apa ambiri amasokonezeka. Amaona akatswiri akuuluka pa ma knot 10 n'kuganiza kuti ndi masewera a mphepo yochepa. Wophunzira amafuna 15 mpaka 20, chifukwa mphepo ikachepa phiko limalemera, nsonga yake imangomira m'madzi, mapewa amawawa ndipo bolodi silidzuka.

Chachikulu kuposa nambala ndi komwe mphepo ikuchokera. Yoyenda motsatira gombe, kapena yolowera kumtunda mopendekera, ndiyo yabwino. Yochokera kumtunda kupita pakati pa nyanja musayerekeze. Imanyenga, chifukwa pagombe madzi amakhala bata ngati m'beseni. Wa wing ndiye amatengedwa msanga, poti masiku oyamba sadziwa kubwerera kumene mphepo ikuchokera. Kuno mphepo ya kumwera imalimba kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, ndipo kawirikawiri imakula masana. Ndiye wa thanga alowe m'mawa, wa phiko adikire ikoke pang'ono.

2. Dziwani komwe aliyense amakumenyani

Windsurfing imakuvulazani ndi mphamvu ya mphepo. Masiku oyamba ndi msana, chifukwa chokoka thanga m'madzi mutawerama. Pindani mawondo, msana uwongoke, kokani ndi thupi lonse. Mukafika pomangirira harness (lamba wokukolekani ku thanga) m'chiuno, pamabwera chomwe amachitcha catapult: mphepo ikakoka mwadzidzidzi mumauluka kudutsa kutsogolo ngati mwala wa pa legeni, nthiti n'kukamenya boom (chogwirira cha thanga) kapena mlongoti. Zikatero musasiye boom, gwiritsitsani, mugwe nayo limodzi. Kwinaku ndi akakolo. Phazi likakanirira m'lamba wa pabolodi thupi likugwera kwina, mafupa a pakati pa phazi amatha kuthyoka.

Wing ilibe mlongoti wokumenyani ndipo phikolo ndi mpweya chabe. Vuto lili pansi. Foil ndi yakuthwa, makamaka kaphiko kakumbuyo, ndipo imacheka ngakhale mphepo ili yochepa. Mukagwa gwerani kutali ndi bolodi, phiko musalitaye, ndipo muli m'madzi musapalase miyendo ngati chule, chifukwa simukudziwa pomwe chitsulocho chili. Potumphuka tsogozani mkono kumutu, chingwe cha pamwendo chimabweza bolodi ngati mphira. Mawondo nawo amasupuka chifukwa mumayambira chogwada.

Mwachidule, ya thanga imaopsa mphepo ikakula, pamene ya phiko imaopsa tsiku lililonse ngati simulemekeza foil.

3. Yezani kuya kwa madzi, apa ndi pomwe ndinalakwitsa

Pa windsurfing madzi osaya ndi bwenzi lanu. Mukagwa mumaimirira, madzi ali m'chiuno, n'kukweranso. Miyezi yonse yomwe ndinkaphunzira thanga ndinazolowera kuthamangira malo osaya. Nditatenga wing ndinapita nawo maganizo omwewo.

Chachiwiri, nyanja yathu ya Malawi madzi sadzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku. Pomwe munaima m'mawa mudzapezanso chimodzimodzi madzulo. Kuno madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Ndinkazidziwa ndi mutu, koma thupi la mwana wa ku Nkhotakota silinazilandire.

Tsikulo ndinalowa madzi ali odzaza, ndili ndi mlongoti wa foil (chitsulo choimirira cholumikiza foil ku bolodi) wa masentimita 85 womwe ndinabwereka kwa mnzanga. Ndinasewera maola awiri, ndikusangalala poti kanali koyamba kuuluka mtunda wautali osagwa. Pobwerera ndinadutsa njira yomwe ija. Ndinaona madzi asintha mtundu, kuchoka obiriwira kukhala otuwa, koma mutu sunandiuze kanthu. Bolodi litatsika pang'ono foil inagunda mchenga n'kuima nji. Ine sindinaime. Ndinakagwa chafufumimba kutsogolo, bolodi linatembenuka, ndipo pomwe ndimati ndiimirire, mwendo unakumana ndi kaphiko kakumbuyo. Sindinamve kuwawa, madzi akuno ndi ozizira kwambiri. Ndinazindikira nditafika pagombe, nditaona wetsuit (chovala chothina choteteza kuzizira) yang'ambika pamsongolo ngati yachekedwa ndi lezala, magazi akutsikira m'chidendene. Bambo wina wachikulire yemwe ankapinda thanga lake anangondiyang'ana n'kundilozera kuseri kwanga. Pomwe ndinagwerapo mchenga unali utayamba kuonekera, mbalame zikuterapo.

Anandisoka, ndinakhala masabata atatu osalowa m'madzi, ndipo foil ya mnzanga ndinailipira ndi malipiro a mwezi. Ndiye chitani izi: onani tebulo la kudzaza ndi kuphwa kwa madzi la tsikulo, pitani kaye nthawi yomwe aphweratu mukaone ndi maso pomwe pali milu ya mchenga, ndipo musakwere bolodi mpaka madzi akufikeni pachifuwa. Polowa litembenuzeni foil iyang'ane kumwamba, muzilikankha. Yambani ndi mlongoti waufupi, wa masentimita 60 mpaka 70, kugwa kwake kumakhalanso kwapafupi.

4. Zovala ndi kugula zida

Helimeti ndi vesiti yoteteza nthiti ndi zosakambirana pa wing. Pa windsurfing ambiri amazinyoza, koma mukayamba harness valani. Wetsuit yaitali mpaka m'akakolo, osati yaifupi, pa chifukwa chomwe mwachimva kale.

Zatsopano ndi zodula moti ganyu yathuyi sizingatheke. Zakale za windsurfing zimapezeka motchipa poti anthu ambiri asamukira ku wing. Koma samalani ndi ogulitsa pa intaneti. Wina anandigulitsa phiko ati "langogwira ntchito kawiri", kufika kunyumba likuphwa ngati tayala la kabaza. Lipopeni pamaso pake mpaka mlingo wolembedwa paphikopo, kawirikawiri PSI 7 kapena 8, mucheze naye theka la ola, kenako mulitsine. Akayamba kunena kuti ali ndi changu, mwadziwa kale. Pa foil mumuuze amasule mabawuti onse. Madzi amchere amamatiza bawuti ku aluminiyamu, ndipo yomwe yakana kumasuka kwa iye sidzamasuka kwa inu.

5. Zotsalazi

Ponyamula, foil ikhale kumene mphepo ikuchokera ndipo phiko likhale mbali inayo, apo ayi mudzaliboola. Musasewere pafupi ndi osambira. Uzani munthu kumtunda nthawi yomwe mutuluke, ndipo nambala ya NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja kuno, ikhale m'foni mwake. Tsukani zida ndi madzi a pampopi.

Ofunsa za kumudzi: mwera wa pakati pa Meyi ndi Ogasiti uli ndi mphamvu yokwanira masewera onse awiri, koma ndi womwewo umagubuduza mabwato a asodzi, ndiye a zanyengo akachenjeza mverani. Ine ndikadzabwera ndi zida ndidzayamba ndi thanga m'mawa, foil idzadikira mpaka nditadziwa pomwe pali miyala ndi pomwe asodzi atchera maukonde.