Mmene mungayang'anire antchito a ku America popanda kuwalondalonda

Ife amene tinakulira pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo timadziwa bwino kayang'aniridwe ka kapitawo: amaima kumapeto kwa mzere, maso ali pa othyola, ndipo dengu likafika pa sikelo amapisa dzanja m'masamba kuti aone ngati munthu wathyola nsonga ndi masamba awiri anthete kapena wasakanizamo okhwima. M'munda zimenezi zili ndi chifukwa chake, pakuti tsamba lokhwima limatsitsa mtengo wa tiyi akafika ku fakitale. Koma masiku ano achinyamata ena a ku Luchenza, ku Bvumbwe ndi pa boma akupeza ntchito za pa intaneti kapena za m'mabungwe, momwe amapatsidwa udindo woyang'anira anzawo a ku America, ndipo amene amalowa nawo ukapitawo m'ntchito zotere sachedwa kugwira fuwa la moto. Ku America ukapitawo woterewu amautcha micromanagement, ndipo bwana akamanenedwa ndi mawu amenewa ndiye kuti mbiri yake yaipa.

Musanapereke lamulo lililonse, dziwani kaye malamulo amene munthuyo anazolowera. Kuno kwathu lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limafuna kuti wolemba ntchito akhale ndi chifukwa chomveka asanachotse munthu, pomwe m'zigawo zonse za America, kupatula Montana, bwana angathe kuchotsa wantchito popanda kufotokoza chifukwa, bola kusakhale kusankhana mtundu, chipembedzo kapena zina zoletsedwa. Wantchito nayenso angathe kuchoka tsiku lililonse, ngakhale mwambo wake ndi kupereka notisi ya masabata awiri. Munthu waluso amene akuona kuti mukumupanikiza sadikira kuti mudzasinthe, amangofuna kwina. Komanso ambiri a m'maofesi amalandira malipiro okhazikika, opanda ovataimu ngakhale apyole maola 40 pa sabata, motero m'maganizo mwawo amalipidwa chifukwa cha zimene atulutsa, osati chifukwa cha maola amene akhala pampando.

Pachifukwa ichi, mphamvu zanu zonse ziikeni pachiyambi pa ntchito. Khalani naye pansi, mugwirizane chimene chikufunika, tsiku loti chithe, ndalama zimene zilipo, ndiponso zizindikiro zosonyeza kuti ntchitoyo yatheka bwino. Kenaka lembani zimenezi mu imelo yachidule kuti pasadzakhale kukanirana. Njira yogwirira ntchitoyo musiyireni mwini wake. Apa ndi pamene ambiri a ife timalephera, ine ndemwe ndinalepherapo: ndinalamula mayi wina wa ku Ohio kuti azinditumizira lipoti madzulo alionse ndi kundionetsa kalata iliyonse isanapite, ndipo pasanathe mwezi anandifunsa, mwaulemu koma mosapsatira, ngati ndinali kukayika luso lake. Ine ndinkaona ngati ndikuonetsa khama, pomwe iye ankamva ngati ndikumunyoza.

M'malo mwa mauthenga a pa WhatsApp ofunsa kuti wafika pati, ikani nthawi imodzi pa sabata yoti muzikambirana awiriwiri, mwina kwa theka la ola, ndipo mulole kuti iyeyo ayambe kufotokoza zimene zikumuvuta. Funso loti "ndikuthandizeni pati?" limatsegula pakamwa kuposa loti "mwachita chiyani lero?" Kumbukiraninso kusiyana kwa nthawi: ikamakwana 3 koloko masana ku Thyolo, ku New York imakhala 8 kapena 9 koloko m'mawa malinga ndi nyengo, choncho uthenga wanu wam'mawa umamupeza ali mtulo, ndipo kuchedwa kuyankha si mwano. Akakutchulani dzina lanu loyamba popanda "bwana" kapena "abambo", kapena akatsutsa maganizo anu pamsonkhano, musakwiye, pakuti kwawoko amatero ngakhale kwa mkulu wa kampani.

Sindikunena kuti America sadziwa ukapitawo. Frederick Taylor, injiniya wa kumeneko amene anafalitsa maganizo ake a kayang'aniridwe ka antchito mu 1911, ankayeza antchito a m'mafakitale a zitsulo ku Pennsylvania ndi wotchi m'manja, ndipo mpaka lero ogwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu amawerengeredwa mphindi. Koma pofika 1960 Douglas McGregor, katswiri wa kayendetsedwe ka ntchito, anali kuphunzitsa kuti bwana amene amaganiza kuti anthu ndi aulesi mwachibadwa amapanga yekha antchito odikira kuuzidwa chilichonse, ndipo maganizo a McGregor amenewa anazika mizu m'maofesi.

Nanga ntchito ikachedwadi kapena ikatuluka yosalongosoka? Pamenepo muli ndi ufulu wonse woyandikira. Muitanireni pambali, osati pagulu, mutsegule imelo ya mgwirizano ija, mumuonetse pamene pasiyana, ndipo mumuuze kuti kwa masabata awiri kapena atatu muzionana kawirikawiri kufikira zinthu zitabwerera m'malo. Tsiku limene mwagwirizana likakwana ndipo ntchito yawongoka, bwererani ku msonkhano umodzi uja wa pa sabata.