Ku York ndi ana, Loweruka ndi Lamlungu

Mwafunsa za ulendo wa ku York, mzinda wa ku England, ndi ana, kuchokera ku London.

Gulanitu matikiti a sitima. Kuchokera pa siteshoni ya King's Cross ku London ndi pafupifupi maola 2, ndipo ana osakwana zaka 5 salipira. Mukafika Loweruka, yambani ndi National Railway Museum, nyumba yosungiramo sitima zakale, pafupi ndi siteshoni, kulowa n'kwaulere. Masana pitani ku York Minster, tchalitchi chachikulu cha mumzindawu, koma dziwani kuti nsanja yake ili ndi masitepe 275 ndipo ana osakwana zaka 8 saloledwa kukwera.

Lamlungu yendani pamwamba pa linga lakale lozungulira mzindawu. Malo ena alibe chotchinga m'mbali, choncho mwana wamng'ono mumugwire dzanja kapena mumubereke kumbuyo, chifukwa kangolo ka mwana kamavuta pamasitepe. Ku Jorvik Viking Centre, malo oonetsa mbiri ya anthu akale otchedwa ma Viking, sungitsanitu malo pa intaneti, mzere umatalika.