Madzi otayika a makina a reverse osmosis musawataye

Inu amene munaika makina osefera madzi a reverse osmosis pansi pa sinki, kaya muli ku Matundo, ku Moatize kapena ku Angónia, tayang'anani kapaipi kamene kamapita kungalande. Pa lita imodzi ya madzi akumwa, makina ambiri apanyumba amataya malita 3 kapena 4, ndipo onsewo mumalipira pa bilu.

Solorani kapaipiko kungalande, mukalowetse m'chigubu cha malita 20. Kasapindike, komanso muzisuzumira chigubucho pafupipafupi chifukwa chimadzaza msanga, mungapeze khitchini yonse ili dziwe.

Madziwo si onyansa ayi. Adutsa kale pa sefa ya matope ndi ya makala, kungoti mchere ndi laimu zimene membrane (sefa yaikulu ya makinawo, yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono kwambiri) yakana zaunjikana m'menemo. Kukolopera, kuthira kuchimbudzi, kutsukira njinga yamoto, kuwaza pabwalo fumbi likavuta mu Okutobala, zonsezi amagwira bwino. Kumwa ndi kuphikira ayi. Pa dimba la masamba kuseri kwa nyumba ndingakuletseni, makamaka ngati madzi akwanu ndi amchere kale, poti mcherewo umakhazikika m'nthaka.

Madzi akamabwera mofooka pampopi, osafika pa bar 3 (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi), makina amataya ochuluka kuposa malita 3 kapena 4 aja. Kapampu kowonjezera mphamvu kamachepetsa vutoli. Sefa ya makala muzisintha pakatha miyezi 6 iliyonse, chifukwa ikatopa klorini amadutsa n'kuwononga membrane, yomwe ndi yodula kuposa masefa enawo.