Momwe mungapangire sikelo yanu yopatsira malikisi mafilimu ndi kuwasamutsa pa IMDb, Letterboxd ndi Metacritic

Mukamaonera mafilimu pafupipafupi, imafika nthawi yoti simukumbukanso kuti ndi iti yomwe inakugwirani mtima. Sikelo yanuyanu imathetsa vutoli, ndipo kuipanga sikutenga nthawi. Kenako mutha kusamutsa malikisiwo pa IMDb, Letterboxd ndi Metacritic, omwe ndi masamba a pa intaneti opatsirapo mafilimu malikisi.

Yambani ndi mawu, manambala abwere pambuyo. Tengani kope kapena foni mulembe tanthauzo la mulingo uliwonse. Mwachitsanzo, nyenyezi 5 ndi filimu yomwe mungaonerenso mawa lomwe. 4 ndi yokoma kwambiri ngakhale ili ndi pena pofooka. 3 ndi yoonereka, simunataye nthawi. 2 munaimaliza mongokakamira. 1 munaisiyira panjira. Ntchito yaikulu yagona pamenepa. Anthu ambiri amapereka nyenyezi 4 ku filimu iliyonse yomwe sinawagonetse tulo, ndiye pakutha pa chaka mafilimu onse amaoneka ofanana. Kwa ine, nyenyezi 3 si chitonzo ayi. Filimu yabwinobwino ikhale pamenepo, kuti 5 ikhale yosowa komanso yolemekezeka.

Chenjerani ndi chizolowezi cha kusukulu. Pa MSCE, 1 ndiye wakhoza koposa ndipo 9 walephera, pomwe pa IMDb zinatembenuka: 1 ndi yoipitsitsa, 10 ndi yapamwamba.

Mukatero, bwerani pa masamu. IMDb imalola manambala athunthu okha, 1 mpaka 10. Letterboxd imayambira pa theka la nyenyezi kufika 5, kukwera theka ndi theka, choncho masitepe ake ndi 10 ngati a IMDb. Ingochulukitsani ndi 2: nyenyezi 3 ndi theka ndi 7. Ngati muli kale ndi malikisi ambiri pa IMDb, tulutsani fayilo yake n'kuilowetsa ku Letterboxd, iwerengetsera yokha. Metacritic imayika malikisi a akatswiri olemba ndemanga pa 0 mpaka 100, ndiye gawani ndi 10, moti 68 ndi pafupifupi 7. Olemba ndemanga ena, monga malemu Roger Ebert wa nyuzipepala ya Chicago Sun-Times, ankalekezera pa nyenyezi 4. Pamenepo chulukitsani ndi 2.5, ndipo nyenyezi 3 zikhala 7.5.

Pomwe ambiri amasochera ndi pa Rotten Tomatoes, tsamba lina losonkhanitsa ndemanga za akatswiri. Mukaona 90 peresenti, sizikutanthauza kuti filimuyo yapeza 9 pa 10. Zikutanthauza kuti akatswiri 90 mwa 100 alionse anaiyamikira, kaya pang'ono kaya kwambiri. Filimu yomwe aliyense wangoti "ili bwino ndithu" itha kuposa filimu yolimba mtima yomwe ena aikonda zedi, ena n'kuida. Kuyambira 60 peresenti amaitcha Fresh, kutanthauza kuti ambiri aiyamikira, koma nambala imeneyi musaigawe ndi 10. Ilembeni pambali payokha.

Chimodzimodzi Netflix, yomwe mu 2017 inachotsa nyenyezi n'kuika chala chachikulu choloza m'mwamba kapena pansi. Sankhani malire anu, tinene kuti 6 kupita m'mwamba ndi chala chokwera, ndipo musamawasunthe malinga ndi momwe mwadzukira.

Potsiriza, iyeseni sikeloyo. Sankhani mafilimu khumi omwe mumawadziwa bwino, a ku Nollywood, a ku Hollywood ngakhale a konkuno, muwapatse malikisi n'kuwandandalika kuyambira wapamwamba. Mukapeza filimu yomwe simungaibwerezenso itakhala pamwamba pa yomwe mumaikonda, bwererani ku kope lija mukonze matanthauzo musanapitirire.