Kalembedwe ka kaundula ndi ka pafoni pa chipatala cha m'mudzi ku Chigwa cha Shire

Chiwerengero cha ana odwala malungo chomwe akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo amachiona pa kompyuta ku Lilongwe chimayambira pansi pa mtengo ku Makhuwira kapena pakhonde la sukulu ku Ndamera, pamene mlangizi wa zaumoyo wagwira cholembera kapena foni, mayi atakhala patsogolo pake ndi mwana pamiyendo. Kuchoka apo chimapita ku chipatala chaching'ono, kenako ku ofesi ya zaumoyo pa boma la Chikwawa kapena Nsanje, n'kulowa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yomwe unduna umasungiramo ziwerengero za zaumoyo. Panjira yonseyi palibe amene amabwerera kudzamuonanso mwana uja. Mankhwala omwe mudzalandire mwezi wamawa, ndi zomwe anthu a kafukufuku adzanene za dera lanu, zimatsamira pa mzere umene inu mwalemba. Malangizo awa ndi anu alangizi anzathu, komanso makalaliki ndi achinyamata olembedwa ganyu yofunsa mafunso m'midzi.

Lembani wodwala akadali pompo. Chizolowezi choona ana makumi awiri kenako n'kukadzaza kaundula madzulo kunyumba n'chimene chimabala zolakwika zambiri, chifukwa pofika madzulo mutu umakhala utasakaniza mwana wa chifuwa ndi wa m'mimba, ndipo dzanja limangolemba zomwe lidazolowera.

Vuto lalikulu kwathu kuno ndi mawu akuti malungo. Mayi akati mwana ali ndi malungo, nthawi zambiri akutanthauza kuti thupi latentha, kapena mwana wafooka, sakudya. Pa fomu ndi pafoni, malungo ndi okhawo omwe kachipangizo koyezera magazi kawapeza. Choncho pali zinthu zitatu zolemba padera: zomwe mayi wanena (kutentha thupi, kwa masiku angati), zotsatira za kuyeza, ndi mankhwala omwe mwapereka. Mukangodontheza magazi ndi timadzi take, lembani nthawi pa kachipangizo komweko pamodzi ndi nambala ya mwana, muwerenge zotsatira pa mphindi zomwe zalembedwa pa bokosi, 15 kapena 20 kutengera mtundu wake. Kachipangizo kakakhalitsa padzuwa la ku Ngabu kamatha kuonetsa kamzere kabodza, ndipo pamene tizipangizo tinayi tili pabenchi limodzi topanda nambala, zotsatira za mwana wina zimagwera mnzake. Ngati zoyezera zatha, lembani kuti simunayeze. Musachonge kuti malungo apezeka pofuna kuti LA, mankhwala a malungo, amene mwapereka aoneke kuti wayenda bwino, chifukwa mukatero kusowa kwa zoyezera kumabisika ndipo kuboma sadziwa kuti mukufunika zina.

Momwemonso ndi m'mimba. "Kutsegula m'mimba" pakokha sikukwanira. Funsani ngati muli magazi, ngati chimbudzi chili chamadzi ngati otsukira mpunga, kangati patsiku, kuyambira liti. Chamadzi ngati chimenecho n'chokaikitsa kuti ndi kolera, ndipo sichidikira lipoti la pamwezi: imbani foni kwa mkulu wanu tsiku lomwelo, kenako mulembe mudzi, komwe banjalo limatunga madzi, ndi tsiku lomwe matenda anayamba. Tsiku loyamba kudwala limathandiza otsata mliri kuposa tsiku lofika kuchipatala.

Pa manambala, lembani nambala yeniyeni, osati chigamulo chanu chokha. Mwawerenga kupuma kwa mwana kwa mphindi yathunthu ndipo mwapeza 46, lembani 46. Kwa mwana wa miyezi 8 kumeneko si kubanika, chifukwa malire ake ndi 50. Kwa wa zaka 2 ndi kubanika, chifukwa malire ndi 40. Mukangolemba kuti "akupuma mothamanga", wokuyang'anirani sangaone ngati msinkhu ndi malire zinagwirizana. Pa lamba woyezera mkono, lembani masentimita pamodzi ndi mtundu: pansi pa 11.5 ndi pofiira, kutanthauza kuti mwana wanyentchera kwambiri. Ndipo samalani kadontho. Pa tabuleti, chala chotuluka thukuta chimadumpha kadontho mosavuta, mwana wa makilogalamu 9.5 n'kusanduka wa 95. Mapulogalamu ena amakana nambala yotereyi, ena amangoilandira. Werenganinso musanadine posunga.

Tsopano nkhani ya ziro, yomwe ambiri amaipeputsa. Bokosi losiyidwa lopanda kanthu ndi bokosi lolembedwa 0 sizinena zofanana. Ziro akuti ndinafufuza, palibe. Bokosi lopanda kanthu silinena chilichonse: mwina palibe, mwina simunafunse, mwina munaiwala. Kalaliki akafika pamenepo amangoganizira. Potumiza lipoti la mankhwala otsala, kaya pa cStock, njira yotumizira lipotili pa uthenga wa pafoni, kaya pa pulogalamu ina, ngati LA 2x6 (wa mapiritsi awiriawiri omwedwa kasanu ndi kamodzi) watha lembani 0. Mukadumpha mzere umenewo, kuchipatala saona kuti mankhwala atha, ndipo ana a zaka 3 ndi 4 mudzawabweza.

Maina a kuno ali ndi zawo. Dzina limodzi lomwelo wina alemba Zuze, wina José, makamaka cha ku Marka ndi madera ena a m'malire komwe abale athu a ku Mozambique amadzalandira chithandizo. Kompyuta imaona anthu awiri. Mwana yemweyo lero wabwera ndi mayi ake n'kulembedwa dzina la bambo, mawa wabwera ndi agogo n'kulembedwa dzina lina. Koperani dzina monga momwe lilili m'buku la kuchipatala la mwanayo, chilembo ndi chilembo, ngakhale kalembedwe kake sikakukusangalatsani. Musanalembetse munthu watsopano pafoni, yambani mwamufufuza ngati alimo kale. Pa mudzi, onjezani gulupu ndi mfumu yaikulu, chifukwa maina a midzi amafanana. Anthu akakhala pamsasa chifukwa cha madzi, lembani malo onse awiri, mudzi wawo ndi msasa, apo ayi madzi akaphwa simudzawapeza.

Buku likakhala kuti linapita ndi madzi, tsiku lobadwa limasowa. Gwiritsani ntchito zomwe aliyense akukumbuka: madzi a namondwe wa Idai mu Marichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Freddy mu Marichi 2023, nthawi yokolola mapira, yogulitsa thonje. Mukapeza mwezi, lembani pambali kuti tsikuli n'longoyerekeza. Zimenezi n'zofunika kwambiri pa katemera wa malungo, yemwe anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Epulo 2019, Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma oyambirira. Mwana amabayidwa pa miyezi 5, 6, 7, kenako 22. Pakati pa kubaya kwachitatu ndi kwachinayi pali miyezi 15, dzinja lathunthu lili mkati. Tsiku lodzabweranso likapanda kulembedwa m'buku la mayi ndi m'kaundula wanu momwe, kubaya kwachinayiko kumaiwalika.

Foni nayo ili ndi matenda ake. Batire ikatheratu, mafoni ena amabwerera ku tsiku lakale, ndipo zonse zomwe mulembe tsiku limenelo zimadindidwa chaka cholakwika. Onani tsiku ndi nthawi m'mawa uliwonse musanayambe. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, komwe kuno kumapitirira madigiri 40, kumatupitsa batire. Musatchajire foni padzuwa pafupi ndi sola, kokerani waya mumthunzi, ndipo musaisiye m'chikwama chakuda chomangirira panjinga. Kusunga pafoni si kutumiza. Zomwe mwalemba zimakhala m'foni momwemo mpaka mutapeza netiweki, kotero foni ikagwera m'madzi powoloka Shire pabwato, ntchito ya milungu itatu yapita. Dziwani malo a m'dera lanu omwe netiweki imagwira, muzitumiza osachepera kawiri pamlungu, ndi kudikira mpaka foni itasonyeza kuti zonse zapita.

N'chifukwa chake kaundula wa pepala sitinamutaye. Lembani ndi bolopeni yakuda kapena yabuluu. Inki yamadzimadzi imasungunuka pepala likanyowa, pensulo imafufutika. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, kaundula azigona m'majumbo awiri, m'ndowa ya pulasitiki yotseka bwino, pamwamba, osati pansi pomwe madzi ndi chiswe zimayambira. Akanyowa musamuyanike padzuwa kapena pamoto. Muimikeni mumthunzi podutsa mphepo, masamba atatambasulidwa pang'onopang'ono.

Olembedwa ntchito ya kafukufuku, monga yomwe a Malawi-Liverpool-Wellcome ndi a Kamuzu University of Health Sciences amachita ku Chikwawa, malamulo anu ndi okhwima kuposa apa. Mukalakwitsa pa fomu, musafufute, musapake choyera, musalembe pamwamba. Dulani kamzere kamodzi kuti cholakwikacho chizionekabe, lembani cholondola pambali, zilembo zoyamba za dzina lanu ndi tsiku. Oyendera kafukufuku akaona pofufutidwa amakaikira fomu yonse. Mafunso muwafunse monga momwe alembedwera. Ngati gogo akumva Chisena chokha ndipo fomu ili m'Chichewa, musamangomasulira za m'mutu aliyense mwa njira yake. Gulu lonse ligwirizane mawu amodzi ntchito isanayambe, chifukwa funso likafunsidwa mitundu isanu, mayankho ake sangaphatikizidwe. Yankho lakuti "sindikudziwa" lilembedwe momwemo.

Kalata ya chilolezo isayinidwe musanafunse funso loyamba kapena kutenga magazi. Ngati munthu sadziwa kuwerenga, muwerengereni yonse pamaso pa mboni yomwe si ya m'gulu la kafukufuku, iye adinde chala, mboni isayine, onse tsiku lomwelo, ndipo kope imodzi atsale nayo. Muuzeni momveka kuti akakana adzalandirabe chithandizo kuchipatala monga kale. Kuvomera kwa amfumu kumakutsegulirani mudzi, koma sikulowa m'malo mwa chilolezo cha mwini wake, ndipo pa mwana asayine ndi kholo kapena womulera.

Pomaliza pa chinsinsi. Kujambula tsamba la kaundula n'kuliponya pa gulu la WhatsApp kuti lipoti lifike msanga kwafala, makamaka msewu wa ku East Bank, kum'mawa kwa Shire, ukaduka. Jambulani tsamba la chiwerengero chokha, lopanda maina. Ngati pakufunika kufunsa dokotala za wodwala mmodzi, tumizani kwa iye yekha, ndi nambala ya wodwalayo m'malo mwa dzina, kenako chotsani chithunzicho m'foni. Foni ya ntchito ikhale ndi nambala yachinsinsi yomwe ana a pakhomo sakuidziwa, ndipo mukaipereka kotchajitsa pamsika, izimitseni kaye.